Milu ya Mchenga ndi Chinsinsi cha Ubongo

Omvera amene adakulira m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Benga, kudzera ku Chia ndi ku Linga mpaka kukafika ku Dwangwa, amadziŵa kuti pansi pa madzi si posalala paliponse ai. Mwera ukaleka, madzi nayera, munthu wokhala m'bwato amatha kuona timaenje ndi timilu ta mchenga tozungulira bwino, totalikirana mwadongosolo ngati mitumbira ya m'munda wa chinangwa. Amisiri ake ndi nsomba zazimuna, ndipo chida chawo ndi pakamwa pokha. Kwa zaka zambiri timiluti tinkadziŵika kwa asodzi okha. Lero tikutchulidwa m'mayunivesite a kutsidya kwa nyanja zamchere, pakati pa akatswiri amene akufufuza m'mene ubongo umagwirira ntchito ndi m'mene umaphunzirira. Mbiri yake ili ngati mitsinje iŵiri, wina wa kafukufuku wa nsomba za m'Nyanja ya Malaŵi, wina wa kafukufuku wa ubongo, imene idayenda motalikirana zaka zoposa 150 isanathirane.

Mtsinje woyamba udayamba m'chaka cha 1861, pamene David Livingstone adayenda pa bwato m'mbali mwa gombe la kumadzulo kwa nyanjayi ali ndi Dr John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene ankatola zomera ndi zamoyo zina. Masiku amenewo Nkhotakota udali mzinda wa Jumbe, doko limene zombo zinkanyamulirapo minyanga ndi akapolo kuwolokera kutsidya la kum'maŵa, ndipo Livingstone adabweranso mu 1863 nakambirana ndi Jumbeyo za malonda oipawo. Za ukapolozo ndi zimene zimakumbukika, ndipo nkoyenera kutero. Koma m'katundu wa Kirk mudalinso nsomba zingapo za m'nyanjayi, zimene zidakafika ku British Museum mu mzinda wa London. Kumeneko, mu 1864, Albert Günther adazilemba m'mabuku a sayansi nazipatsa maina a Chilatini. Zina mwa izo zidali mtundu umodzi wa chambo ndiponso mpasa, nsomba ija imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Günther adaŵerenga mamba ndi mano a nsomba zakufa. Za makhalidwe ake zili zamoyo, nsomba zakufazo sizikadamuuza kanthu.

Mtsinje wachiŵiri udatumphuka ku Italy patapita zaka zoŵerengeka. Mu 1873, Camillo Golgi adapeza njira yodetsera tizidutswa ta ubongo ndi mankhwala a siliva, kotero kuti maselo ena ankaoneka akuda bii pa makina okuzira tinthu tating'ono, pamodzi ndi nthambi zake zonse. Golgi adakhulupirira kuti nthambizo nzolukana ngati ukonde umodzi wopanda poduka. Koma Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, pogwiritsa ntchito njira yomweyo kuyambira mu 1888, adaona zosiyana: selo lililonse ndi lapalokha, limangoyandikana kwambiri ndi linzake, ndipo uthenga umadumpha kampata kakang'ono pakati pawo. Kampata kameneka Charles Sherrington wa ku Britain adakatcha synapse mu 1897. Golgi ndi Cajal adagaŵana mphotho ya Nobel mu 1906 asakugwirizanabe, koma m'kupita kwa nthaŵi zidatsimikizika kuti Cajal ndiye adalondola. Apa padabuka funso lalikulu. Ngati ubongo ndi khamu la maselo osiyana, amene mwa munthu alipo pafupifupi 86 biliyoni, nanga ganizo limodzi limatuluka bwanji m'khamu lotere?

Pamene funsoli linkavutitsa akatswiri a ku Ulaya, ofufuza za nsomba adali kalikiliki kuŵerenga mitundu. Mu 1935, Ethelwynn Trewavas wa ku British Museum adafalitsa mndandanda wa mitundu yoposa 170 ya nsomba za banja la chambo, utaka ndi mbuna zopezeka m'nyanjayi, banja limene asayansi amalitcha Cichlidae. Mu 1938, boma la atsamunda lidayambitsa kafukufuku wa kadyedwe ka anthu motsogozedwa ndi Dr B. S. Platt, ndipo midzi imene idasankhidwa idali ya m'boma la Kota Kota, monga linkalembedwera dzinali masiku amenewo. Popeza ndiwo ya anthu a kunyanja ndi nsomba, mu 1939 kudabweranso gulu lofufuza za usodzi, m'mene mudali Trewavas yemweyo, Kate Ricardo ndi H. J. H. Borley, ndipo lipoti lawo lidatuluka mu 1942. Funso lawo lidali la m'mimba: nsomba zilipo zochuluka bwanji, nanga zingadyetse anthu angati?

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, Rosemary Lowe adakhala pa nyanjayi kuyambira 1945 mpaka 1947 akulondola moyo wa chambo, makamaka malo ndi nyengo zimene mtundu uliwonse umaswana. M'zaka za m'ma 1950, Geoffrey Fryer adachita zofananazo pa mbuna za m'miyala ya ku Nkhata Bay, ndipo mu 1972 iye ndi T. D. Iles adalemba buku lalikulu la nsomba za banjali m'nyanja zazikulu za mu Africa. Kuchokera apo dziko lidayamba kuzindikira kuti nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndi kuti mitunduyo imasiyana pa kadyedwe, kaswanidwe ndi kakhalidwe. Tsono khalidwe la nyama limachokera mu ubongo. Komabe nthaŵi imeneyo padalibe njira yoonera zochitika m'kaubongo ka nsomba, kochepa ngati njere ya nyemba.

Njirayo inkasulidwa pang'onopang'ono kwina. M'zaka za m'ma 1920, Edgar Adrian wa ku Cambridge adakwanitsa kumvera mtsempha umodzi wokha wa uthenga ndi zipangizo zamagetsi. Adapeza kuti selo limalankhula mwa kugunda, ndiye kuti kutulutsa kamphamvu ka magetsi kamene kamatha m'kanthaŵi kochepa zedi. Kugundako kumakhala kofanana mphamvu nthaŵi zonse, ndipo chimene chimasintha ndi liŵiro lake: khungu likakhudzidwa pang'ono selo limagunda mwa apo ndi apo, likatsinidwa limagunda mofulumira ngati ng'oma ya pachimake pa gule. Adrian adalandira mphotho ya Nobel mu 1932 pamodzi ndi Sherrington. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, akatswiri ankamvera selo limodzilimodzi, poyembekeza kuti akadziŵa ntchito ya selo lililonse ndiye kuti adziŵa ubongo wonse.

Munthu amene adaloza njira ina ndi Donald Hebb wa pa yunivesite ya McGill ku Canada. M'buku lake la mu 1949 adapereka maganizo aŵiri. Loyamba lidali lakuti chinthu chimene munthu akuona kapena kukumbukira sichisungidwa m'selo limodzi, koma m'gulu la maselo ogunda pamodzi. Lachiŵiri lidali lakuti selo lina likamathandiza linzake kugunda kaŵirikaŵiri, polumikizira pawo pamalimba, ndipo kulimba kumeneko ndiko kuphunzira. Zili ngati kanjira kochokera kumudzi kupita kudooko: palibe amene amakalambula, koma mapazi akapitapo tsiku ndi tsiku udzu umagonja, njira nioneka. Hebb adalibe umboni wogwirika. Umboniwo udadza mu 1973, pamene Tim Bliss ndi Terje Lømo adalengeza zimene adapeza ku Oslo pa akalulu: atagwedeza njira ina ya maselo ndi magetsi mobwerezabwereza kwa kanthaŵi kochepa, polumikizira pake padakhala polimba kwa maola ambiri.

Chigawo cha ubongo chimene Bliss ndi Lømo adayeserapo chimatchedwa hippocampus, ndipo nchofunika kwambiri m'mbiri ino. Mu 1971, John O'Keefe ndi Jonathan Dostrovsky a ku University College London adapeza m'chigawo chomwecho maselo amene amagunda khoswe akafika pa malo ena ake okha. Selo lina limagunda khoswe akakhala pangodya, lina akakhala pakati, lina akayandikira khomo. Selo limodzi silidziŵa nyumba yonse, ndiponso nthaŵi zina limaphonya. Koma mu 1993, Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton a ku Arizona adamvera maselo ambirimbiri otere nthaŵi imodzi, ndipo adatha kunena pamene khoswe ali popanda kumuyang'ana. Chaka chotsatira adaonetsa kuti khosweyo akagona, maselo amene ankagunda pamodzi akuyenda amagundanso pamodzi m'tulo, ngati akubwereza phunziro. Maselo a mtundu umenewu adapezekanso mwa anthu, ndipo O'Keefe adagaŵana mphotho ya Nobel ya mu 2014 ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway. Msodzi wa usipa amene amabwerera pa dooko lake mbandakucha, pozindikira mapiri ndi kumene mafunde akuchokera, amadalira mapu otere a m'mutu mwake.

Umboni wina woti nzeru ili m'gulu udachokera pa kayendedwe ka mkono. Mu 1986, Apostolos Georgopoulos ndi anzake a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore adafotokoza zimene adaona pa apusi ophunzitsidwa kutambasula mkono kuloza mbali zisanu ndi zitatu. Selo lililonse la m'chigawo choyendetsa thupi lidali ndi mbali imene limaikonda, koma linkagundanso, ngakhale mocheperako, mkono ukaloza mbali zoyandikana nayo. Motero womvera selo limodzi sakadadziŵa kumene mkono ukupita. Ataphatikiza kugunda kwa maselo mazana angapo, lililonse likukokera ku mbali yake monga mwa mphamvu ya kugunda kwake, yankho lidaloza kumene mkonowo unkapitadi. Aliyense amene adaonapo khoka likukokedwa angamvetse zimenezi msanga. Amuna amaima m'mizere iŵiri pa zingwe ziŵiri, wina wamphamvu, wina wotopa, wina akuterereka pa mchenga. Palibe mmodzi wa iwo amene amalamula pamene khokalo litsamire, koma limatulukira pamene mphamvu zawo zonse zalitengera. Wina akasiya chingwe, khoka limafikabe kumtunda. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo zaoneka kuti ngakhale m'kati mwa mutu umodziwo lamulo ndi lomwelo.

M'zaka zomwezo, ofufuza za nsomba adayamba kumira pansi pa nyanja atanyamula mpweya kumsana. Mu 1983, Kenneth McKaye wa ku America adafotokoza bwalo lalikulu loswanirana nsomba ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, lotalika makilomita 4, pamene nthaŵi zina pankasonkhana nsomba zazimuna zoposa 50,000, iliyonse pa mulu wake. Yaimuna imatapa mchenga ndi pakamwa, nikaulavula pamalo amodzi, kambirimbiri, kwa masiku angapo, mpaka patakhala kachulu kokhala ndi kabwalo pamwamba. Mulu umenewu si chisa cholereramo ana. Yaikazi ikaikira mazira pamenepo imawatola nthaŵi yomweyo niwasunga m'kamwa, monga amachitira chambo. Ntchito ya muluwo ndi kukopa basi, ndipo mu 1990 McKaye ndi anzake adaonetsa kuti zazikazi zimakonda milu yaitali. Nsombayo idapatsidwa dzina lakelake mu 1993, ndipo mu 2006 Jay Stauffer ndi Ad Konings adaiika m'gulu latsopano limene adalitcha ndi mau a Chicheŵa. Lero m'mabuku a sayansi a dziko lonse imatchedwa Mchenga conophoros.

Mitundu pafupifupi 200 ya m'nyanjayi imamanga mabwalo otere pa mchenga, ndipo magombe a Nkhotakota, amene mbali yaikulu ndi amchenga, ndi malo a nsomba za khalidwe limeneli. Ina imaunjika milu, ina imakumba maenje. Chimene chidakopa akatswiri a ubongo ndi chakuti mitundu yonseyi ndi yapachibale kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, amene adaŵerenga DNA ya mitundu 73, adapeza kuti kusiyana kwa mtundu wina ndi unzake nkochepa zedi, pafupifupi malo amodzi kapena aŵiri pa malo 1,000 aliwonse. Akatswiri amaŵerengera kuti mitunduyi idapatukana m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi zapitazo kapena kucheperapo, nthaŵi imene ili yaifupi m'mbiri ya zamoyo. Pa chifukwa chimenechi, mitundu yosiyana makhalidwe imatha kuberekana ikaikidwa m'thanki limodzi. Kwa wofufuza umenewu ndi mwaŵi waukulu, pakuti ubongo uŵiri wofanana pafupifupi m'zonse ukamabala makhalidwe aŵiri osiyana, pofunafuna chifukwa chake pamachepa.

Mitsinje iŵiri ija idathirana pamenepa. Mu 2018, Ryan York wa ku Stanford, pamodzi ndi gulu la Todd Streelman ndi Patrick McGrath a ku Georgia Institute of Technology mu mzinda wa Atlanta, adafalitsa zotsatira za kukweretsa Mchenga conophoros, womanga milu, ndi Copadichromis virginalis, mtundu wa utaka umene umakumba maenje. Ana aamuna obadwa pamenepo sadamange chinthu chosokonezeka chapakatikati. Adayamba akumba dzenje monga kholo lina, kenaka nkusintha nayamba kuunjika mulu monga kholo linalo. Atapima ubongo wawo, ofufuzawo adapeza kuti pa nthaŵi yokumba, malangizo ambiri a chibadwa ochokera kwa kholo lokumba ndiwo ankagwira ntchito kwambiri, ndipo pa nthaŵi younjika ankagwira kwambiri ndi a kholo lounjika. Mu ubongo umodzi mudali malangizo a makolo onse aŵiri, ndipo ankasinthana malingana ndi ntchito imene nsombayo ili nayo.

Chidatsala ndi kudziŵa magulu a maselo amene amasenza ntchitoyo. Gulu la ku Atlanta lidaika makamera ndi zipangizo zoyezera kukwera kwa mchenga pamwamba pa mathanki, kuti kompyuta iziŵerenga kutapa ndi kulavula kulikonse. Kenaka, m'kafukufuku wotsogozedwa ndi Zachary Johnson amene adafalitsidwa mu 2023, adatenga nsomba zazimuna 38, theka zikumanga, theka zisakumanga, napima maselo oposa 30,000 a kutsogolo kwa ubongo wake, limodzilimodzi. Selo limene langogunda kwambiri limatsala ndi chizindikiro m'kati mwake kwa kanthaŵi, monga phulusa lofunda limaulula pamene padasonkhedwa moto usiku. Polondola zizindikirozo, adapeza kuti kumanga sikudzutsa ubongo wonse mofanana, koma magulu oŵerengeka a maselo. Adaonanso zizindikiro zakuti mwa nsomba zomanga mumabadwa maselo atsopano, makamaka m'chigawo chimene akatswiri amachifanizira ndi hippocampus ya khoswe ndi munthu.

Mfundo yotsirizayi ndi yofunika kuimvetsa bwino. Ubongo wa nsomba umapitiriza kubala maselo atsopano moyo wake wonse, pamene mwa munthu wamkulu zimenezi nzochepa kwambiri, ndipo akatswiri akutsutsanabe za kuchuluka kwake. Ofufuza a ku Atlanta adapeza kuti malangizo a chibadwa amene amasiyanitsa nsomba zomanga milu ndi zinzake amagwira ntchito kwambiri m'kagulu ka maselo amene ali ngati nkhokwe ya mbeu, kumene maselo atsopano amachokera. Ganizo lawo ndi lakuti nsomba ikayamba kumanga, nkhokweyo imatsekuka, ndipo maselo atsopano amaloŵa m'gulu losunga mapu a malo. Zimenezi nzomveka, pakuti womanga mulu ayenera kukumbukira pamene akulavula mchenga ndi pamene akuutapa, pamalo amene maonekedwe ake akusintha chifukwa cha ntchito yake yomwe. Ili likadali ganizo loyembekeza kuyesedwa mokwanira, koma lidalimbikitsidwa mu 2024, pamene gulu la Jennifer Li ndi Drew Robson ku Tübingen, m'dziko la Germany, lidapeza maselo ozindikira malo mu ubongo wa kansomba kotchedwa zebrafish, ndipo kuchokera pa kugunda kwa gulu lonse la maselowo lidatha kunena pamene kansombako kali.

Boma la Nkhotakota lilinso ndi nsomba yakeyake m'mbiri imeneyi. Pa miyala ya pansi pa madzi ya Nkhomo, kufupi ndi Benga, pamakhala kansomba kachikasu kotchedwa Aulonocara baenschi, kamene m'chilengedwe sikadziŵika kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nsomba za gulu la Aulonocara zili ndi timabowo tatikulupo m'mafupa a kumutu, ndipo m'kati mwake muli timagulu ta maselo okhala ndi tiubweya timene timapindika madzi akagwedezeka. Nsombayi imaima chilili pamwamba pa mchenga osagwedezeka, kenaka nkujompha mwadzidzidzi pamene kachilombo kabisala. Mu 2012, Margot Schwalbe ndi Jacqueline Webb a pa yunivesite ya Rhode Island adaonetsa pa mtundu wina wa gululi kuti umatha kugwira chakudya mu mdima wandiweyani, ndi kuti maselo aja akagonetsedwa ndi mankhwala luso limeneli limasokonekera. Apanso kagulu kamodzi ka maselo kamangomva kuti madzi agwedezeka. Kumene kugwedezekako kukuchokera kumadziŵika ubongo ukayerekeza mauthenga a timagulu tonse.

Nazo mbuna, zimene asodzi ambiri saziŵerengera chifukwa cha kuchepa kwake, zaonetsa luso la kuphunzira. Mu 2022, Vera Schluessel ndi anzake a pa yunivesite ya Bonn adaphunzitsa mbuna zisanu ndi zitatu lamulo ili: zikaona zithunzi zobiriŵira ngati thambo zisankhe khomo lokhala ndi chiŵerengero choposa ndi chimodzi, zikaona zachikasu zisankhe lochepa ndi chimodzi. Yosankha bwino inkalandira chakudya. Zisanu ndi imodzi zidaphunzira. Pofuna kutsimikiza kuti sizidangoloŵeza zithunzi, ofufuzawo adabisa chiŵerengero cha 3 pa nthaŵi yonse ya maphunziro, ndipo atachionetsa koyamba, nsombazo kaŵirikaŵiri zidasankha 4 pa mtundu woonjezera ndi 2 pa mtundu wochotsera. Kuonjezera zidakugwira msanga kuposa kuchotsera. Nsomba ilibe chigawo chopindikapindika cha pamwamba pa ubongo chimene munthu amanyadira, komabe magulu a maselo ake adasunga lamulo naligwiritsa ntchito pa chinthu chachilendo.

Wina angafunse phindu la zonsezi kwa munthu wa ku Nkhotakota. Matenda angapo amene amasautsa mabanja a m'mbali mwa nyanja ndi matenda a magulu a maselo a ubongo. Khunyu limagwa pamene khamu lalikulu la maselo ligunda lonse nthaŵi imodzi mopanda dongosolo, ndipo chifukwa chake si lopatsirana, ndiponso mankhwala a kuchipatala amatha kuliletsa. Kaodzera, amene amafala ndi ntchentche za kashembe m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, amasokoneza tulo tizilombo take tikaloŵa mu ubongo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, gulu la Terrie Taylor lidaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongowo. Nsomba za pa mchenga sizichiza matenda ameneŵa. Koma zambiri zimene madokotala amadziŵa za kugunda kwa maselo zidayamba kuphunziridwa pa achule, akalulu ndi makoswe, ndipo funso la m'mene ubongo ungabalire maselo atsopano nkuwaloŵetsa m'ntchito ndi limodzi mwa mafunso amene ochiza ubongo wovulala akufunitsitsa yankho lake.

Pali chinthu chimodzi chodetsa nkhaŵa. Nsomba zimene zili m'mathanki a ku Atlanta ndi ku Bonn ndi mitundu yoŵerengeka chabe, ndipo yotsala yonse ili m'nyanja momwemu, m'mene chiŵerengero cha ina chikutsika. Mu 2018, bungwe la IUCN litapima mitundu 458 ya nsomba za m'Nyanja ya Malaŵi lidapeza kuti 9 mwa 100 iliyonse ili pa ngozi yaikulu ya kutha. Mitundu itatu ya chambo idaikidwa m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu, ndipo kansomba ka ku Nkhomo kaja kali m'gulu lomwelo chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso kukagulitsidwa kwa oŵeta nsomba zokongola kunja. Khoka likakokedwa pa bwalo loswanirana limasalaza m'maola ochepa milu imene idamangidwa masiku ambiri, ndipo limakokolola zazimuna pamodzi ndi zazikazi zofungatira mazira m'kamwa. Masikito oteteza ku udzudzu akasandutsidwa maukonde amatha ndi tiana tomwe. Nako kugwetsa mitengo m'mapiri kumatsitsira matope m'mitsinje monga Bua ndi Dwangwa, madzi nkuda, pamene nsombazi zimasankhana ndi maso. Mtundu ukatha, pamatha ndiwo, ndipo pamathanso kapangidwe ka ubongo kamene palibe adakaŵerengapo.

Njira zotetezera zilipo, ndipo zina nzakale kuposa kafukufuku wa ubongo wa nsombazi. Paki ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa ku Cape Maclear mu 1980 ndi kulembedwa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse wa UNESCO mu 1984, imateteza kachigawo kochepa chabe ka nyanja. Dipatimenti ya za usodzi imatseka usodzi wa makoka m'miyezi yotsiriza ya chaka, pamene chambo chikuswana. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma loyandikana nalo la Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamulolo lakhazikika chifukwa asodzi eni ake ndiwo amalisunga. Magombe aatali a Nkhotakota sangalonderedwe ndi alonda a boma okha. Amadalira mafumu, makomiti a m'madooko ndi eni makoka.

Kuyambira pa nsomba za Kirk mpaka pa maselo 30,000 a ku Atlanta, pafupifupi nzeru zonsezi zakhala zikutengedwa m'nyanja ya kuno nkukasanthulidwa kunja. Asodzi amene adaloza Trewavas ndi Lowe kumene nsomba zimaswana sadalembedwe maina m'mabuku ambiri, ngakhale mau awo, monga utaka, mbuna ndi mchenga, adaloŵa m'chilankhulo cha sayansi. Masiku ano achinyamata a Malaŵi akuphunzira za nsomba ku Bunda, ku yunivesite ya Mzuzu ndi ku Mpwepwe, ndipo ku Monkey Bay kuli malo a boma ofufuzira za usodzi. Mwana wa ku Linga kapena ku Benga amene angafune kudzafufuza za ubongo ali ndi chinthu chimene anzake a ku America amachiona m'thanki lagalasi chabe, pakuti iye angathe kupalasa bwato nkukachiona pamalo pake. Kuti adzachipeze chikadalipo, zidalira zimene akulu ake achite ndi makoka m'miyezi imene nsomba zili pa milu yake.